Mmene Ndinagulira Zinyalala ndi Dengu la Nandolo

Iwe Tadala, ndakuona. Usayang'ane kumwamba ngati kukudutsa ndege. Botolo waponya kuseri kwa khola lija pita ukatole, ubwere nalo kuno. Maso angawa ndi akale, inde, ulusi sindithanso kulowetsa pa singano, koma chinthu chikamatayidwa amaona ngati a kabawi. Ehee, liike apa. Tsopano khalani pansi nonse, ana inu, muzisenda nandoloyu manja asangokhala, ndikuuzeni za chaka chimene ine agogo anu ndinayenda masiku awiri wapansi kukagula zinyalala. Mukuseka chiyani? Ndati kukagula. Ndipo banja langa likanatha ndikanapanda kuzipeza.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangolowa chikamwini kuno ku Nkhulambe. Kwathu kwenikweni ndi ku Jenala, ndinabwera kuno ndi khasu limodzi, mphasa ndi mano oyera, kutsatira agogo anu aakazi, malemu Esitere. Njala yaikulu ija ya fote naini inali itatha zaka ziwiri kapena zitatu, koma mantha ake anali akadali m'mimba mwa anthu.

Pakhomo pano mwini wake anali apongozi anga, a Nakoma, mayi wamfupi, wouma ngati makaka, amene anachoka kwa Apwitikizi ali mtsikana atasenza mphika umodzi pamutu. Inu masiku ano mkamwini amakhala mpando umodzi ndi apongozi ake, kuonera limodzi mpira pa foni. Kale kunalibe zimenezo. Mkamwini ndi apongozi sankayang'anana, sankalankhulana. Mukakumana panjira wina ankalowa patchire, ngakhale pali chitedze. Ndiye apongozi anga akafuna kundiuza kanthu ankauza mbuzi. Tinali ndi mbuzi yathadzi yamawanga, yomangidwa pa mtengo wa mango. Mmawa ndinkangomva:

"Mbuzi iwe, kamuuze munthu wogona m'nyumba ya mwana wangayo kuti anzake afika kale kumunda."

Ine n'kutuluka, kugwada chakumbali, n'kuyankha kuti, "Mbuzi, kawauze amayi kuti ndamva."

Mbuziyo inkangotafuna. Inamva zambiri mbuzi imene ija, koma sinaululepo kanthu.

Tsono mayi amenewa sankadziwa kutaya. Mphika ukasweka, phale lalikulu linali lokazingira chimanga, laling'ono lomwera nkhuku, tizidutswa totsala ankatisinja n'kusakaniza ndi dongo loumbira mphika wina. Makoko a nandolo ngati amene mukumwaza apawa anali a mbuzi, mitengo yake nkhuni, phulusa lake chidulo chophikira therere, ndipo phulusa lotsala pochezera chidulolo linkapita munkhokwe kukavutitsa anankafumbwe. Zitsononkho zinali zotsekera pakamwa pa chipanda, zosonkhera moto, ndi ntchito ina ija ya kuthengo imene inu mumagulira mapepala ofewa kusitolo. Musatseke mphuno, makolo anu anakula nazo. Nsalu ikatha inkasanduka mbereko, mbereko ikatha nkhata, nkhata ikatha chingwe cha nyale. Ngakhale madzi oyamba ophikira kalongonda, akuda aja oti ukamwa umayamba kupereka moni kwa mitengo, iwo sankakhuthula pena paliponse. Ankakawathira pa una wa chiswe.

Ine sabata langa loyamba ndinathyola mpini wa khasu n'kuuponya patchire. Mbuzi inalalatiridwa masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinaona mpini uja utasanduka mthiko.

Chaka chimenecho, mvula itangotha, kunabwera munthu wa boma woyendera za ukhondo. Dzina lake sitinalifunse, tinkangoti a Sanitale. Anali mnyamata wa msinkhu wanga, wovala kabudula wa khaki, sokosi zofika m'mawondo, buku m'khwapa, njinga yolira ngati nkhanga. Anasonkhanitsa anthu n'kulamula zitatu: nyumba iliyonse ikhale ndi chimbudzi, thandala loyanikapo mbale, ndi dzenje la zinyalala. Ziwiri zoyambazo tinazimvetsa. Chachitatucho anthu anayang'anana.

Koma ine, pofuna kuoneka mkamwini wamphamvu, ndinakumba dzenje loti mudzi wonse unabwera kudzaona. Ndikaimamo linkandilekeza m'chifuwa. M'mbali mwake ndinasalaza bwinobwino. Apongozi anga tsiku lililonse ankalisesa mozungulira, tsamba likagweramo n'kulivuula ndi ndodo.

Patapita masabata awiri a Sanitale anabweranso. Chimbudzi anachikonda. Thandala analigwedeza, silinagwe. Atafika padzenje anasuzumira, n'kutembenukira kwa apongozi anga.

"Mayi, zinyalala zili kuti?"

"Tilibe, bwana."

"Palibe nyumba yopanda zinyalala. Ngati m'dzenjemu mulibe, ndiye kuti mukutaya kutchire, ndipo kumeneko n'kumene kumachokera ntchentche. Ndibweranso Lachisanu. Ndikadzapeza chonchi, mwini nyumba akayankha kubwalo."

Anakwera njinga yake, kwee kwee kwee, wapita. Apongozi anga, amene chibadwire anali asanaimepo pabwalo la milandu, anapita molunjika kumtengo wa mango.

"Mbuzi iwe, amene anakumba dzenje lanjalali ndi iyeyo. Alidyetse yekha. Likandiimiritsa pamaso pa anthu ngati mfiti, atenge khasu lake ndi mphasa yake, njira ya ku Jenala akuidziwa."

Ana inu, sanali kuseka. Mkamwini kale ankathamangitsidwa ngati nkhuku yolowa m'khitchini. Ndipo Esitere n'kuti ali ndi pakati pa azakhali anu aakulu.

Ndinayamba kusaka zinyalala pakhomo. Ndinasesa masamba a mango n'kuthiramo. Apongozi anawavuula kukayala m'khola kuti asanduke manyowa. Ndinaponyamo lichero lothetheka. Analitenga n'kuikirapo nkhuku yofungatira. Ndinaponyamo mafupa, galu analumphiramo, n'kukhala ine wovutika kutulutsa galu. Potsiriza ndinatola miyala itatu. Esitere anandipeza ndili pafupi kuponya.

"Inu amuna anga, mutu uli bwino? Amenewo si mafuwa?"

Ndinakhala pansi m'mphepete mwa dzenje, manja m'masaya. Ndi Esitere amene anaganiza nzeru. Anati, "Zinyalala zenizeni zili kwa azungu. Kuseri kwa Phalombe kuli esiteti, amalume anga a Jemusi ndi khukhi, amaphikira mzungu kumeneko. Senzani dengu la nandolo mukawapatse, musapite chimanjamanja."

Ndinanyamuka Lachitatu tambala atangolira kachiwiri. Inu mukafuna kupita ku Phalombe mumakwera njinga yamoto, kufika fumbi lili m'makutu koma miyendo ili yopuma. Ife tinkadutsa pampata wa pakati pa Michesi ndi phiri la Mulanje, phazi pansi, anyani akukutukwana m'mitengo. Dengu lili pamutu, chinangwa chootcha m'thumba, basi.

Nditafika pa Phalombe ndinaganiza kuti mwina ndifupikitse ulendo. Panali sitolo ya Che Saidi, Msilamu wa ndevu zosongoka, wogulitsa nsalu, mchere ndi parafini. Ndinaodira, n'kulowa mwaulemu.

"Che Saidi, pepani. Ndamva kuti zinyalala zimapezeka m'masitolo. Muli nazo?"

Ndinangoona ndodo yoyezera nsalu ili m'mwamba. "Katundu wanga ukumutcha zinyalala? Wakutuma ndani?" Anandithamangitsa kuzungulira sitolo kawiri, dengu lili pamutu, nandolo wosatayika ngakhale mmodzi. Atatopa anaima, ine n'kufotokoza tili patalipatali. Anaseka mpaka kukhala pathumba la mchere.

"Mwana iwe, botolo likatha mafuta ndimagulitsa. Bokosi la sopo, chitseko chimenechi. Misomali yake ndimawongola ndi mwala. Ine zinyalala ndizitenga kuti? Pita kwa azungu komweko."

Dzuwa litapendeka ndinafika pa esiteti paja. A Jemusi, bambo wonenepa wa epuloni yoyera, anamva nkhani yanga osaseka, chifukwa mlongo wawo, apongozi anga aja, ankawadziwa. Ananditengera kuseri kwa khitchini. Ana inu, zimene ndinaona kumeneko! Dzenje lodzaza zitini, mabotolo, mapepala, mbale zongobenthuka pang'ono, chuma chokwanira kukwatira mitala, chili pamtunda ntchentche zikuchita phwando.

"Amalume," ndinanong'ona, "mzunguyu akudwala?"

"Ali bwinobwino. Kwawo amatero. Kumeneko munthu wolemekezeka ndi amene amataya zambiri."

"Nanga dzenje likadzaza?"

"Timakwirira, n'kukumba lina."

"Nalonso likadzaza?"

"Iwe wabwera kudzatenga zinyalala kapena kudzandiyesa mayeso?"

Funso limenelo, ana inu, mpaka lero palibe anandiyankha. Atsibweni anu a ku Blantyre amati kwawo kumabwera galimoto kudzatenga zinyalala n'kupita nazo kutali. Ndinawafunsa kuti kutaliko kulibe anthu? Anayamba kuyang'ana foni. Anandiuzanso kuti maiko olemera amapakira zinyalala zawo m'sitima zapamadzi n'kuzitumiza kwa anzawo osauka, ena mpaka kumagula. Ndinati musandiuze zachilendo, malonda amenewo ndinayambitsa ndine, ndipo ndinalibe sitima.

A Jemusi anandiuza kuti ngakhale padzenje pali mwambo wake: amayamba kusankha ndi khukhi, kenako wochapa, kenako wa m'maluwa, mlonda n'kumalizira. Posinthana ndi nandolo wanga anandipatsa za pagawo lawo: zitini za nsomba ndi za mkaka, mabotolo awiri, lina lothyoka khosi, ambulera yotsala nthiti zokhazokha, nyuzipepala zakale, ndi jombo imodzi yakuda ya kumanzere. Inzake akuti galu wa bwana anadya. Zonsezo ndinaika m'chiguduli.

Pobwerera mmawa mwake, chiguduli chikulira ngwere ngwere kumsana, anthu panjira ankandipatukira n'kuwomba m'manja. Ankayesa ndikuchokera ku Joni. Mayi wina pachitsime anandipatsa madzi atagwada, n'kundifunsa ngati ndinali wokwatira, poti kunyumba anali ndi ana aakazi awiri. Ndinayankha kuti, "Mayi, ndidziwa mawa."

Ndinafika Lachinayi masana. Sindinapume. Ndinapita padzenje, kumasula chiguduli, khuthuuu! Phokoso lake linatulutsa aliyense m'nyumba. Apongozi anga anafika akuthamanga, anasuzumira, n'kugwira pamutu. Mayi amenewa akakwiya Chinyanja chinkawathera, ankatsala ndi Chilomwe chokhachokha. Tsiku limenelo anaiwala ndi mbuzi yomwe. Anakuwa mawu amene sindingawabwereze pamaso pa ana, kenako ndinangoona nsalu ikuuluka, alumphiramo.

Kulowa kunali kosavuta. Koma dzenje londilekeza ine m'chifuwa, iwo linawameza ndi mutu womwe. Tinkangoona dzanja likutuluka litagwira chitini, likubwereranso. Esitere ndi mimba yake sakanatha kuwakoka. Ine mkamwini sindikanawagwira dzanja, ngakhale kuwayang'ana. Ndiye ndinatenga nsungwi, n'kuima chofulatira, kuitsitsa cham'mbuyo, maso ali ku Michesi.

"Esitere, auze amayi agwire."

"Akuti sagwira mpaka mulonjeze kuti mabotolo ndi awo."

"Auze zonse ndi zawo, koma atibwereke mpaka mawa."

Anakambirana mayi ndi mwana wake, wina pansi wina pamwamba, mpaka anamvana. Ndinakoka ngati ndikuvuula mlamba. Atatuluka anayala mphasa m'mphepete mwa dzenje n'kukhala pomwepo kulondera, mpini uli m'manja.

Tsono anansi athu onse anali ndi vuto lomwelo. Wina m'dzenje mwake ankasungiramo makaka, wina bakha anali ataikiramo mazira. Anabwera kudzapempha kuti tiwagawireko. Apongozi anakana kugawa, koma anavomera kubwereketsa. Tinapangana chonchi: a Sanitale akaona dzenje lathu, amayi awachedwetse ndi thobwa, ine ndilowe m'dzenjemo, ndiwole zonse, ndithamange m'munda wa nandolo kukakhuthula m'dzenje la nyumba yotsatira. Ndipo kuti zitini zisamveke, atsikana azisinja mwamphamvu, ngakhale mumtondo mulibe kanthu.

Lachisanu a Sanitale anafika. Atasuzumira m'dzenje lathu nkhope inawala.

"Ehee! Izi ndiye zinyalala. Mayi, mwayamba kutsogola."

Apongozi anakukuta mano n'kuwapatsa chipanda cha thobwa. Ine n'kulowa, kuwola, kutuluka, liwiro. Mitondo ikuti gu gu gu. Nyumba yachiwiri, a Sanitale anayamikira, n'kumwanso thobwa. Yachitatu anayang'ana nthawi yaitaliko, n'kukanda m'mutu, koma thobwa anamwa. Ine thukuta lili kamukamu, zitini zitandicheka zala, chitedze chitandipeza m'khosi.

Nyumba yachinayi inali ya nkhalamba ina, a Likhutcha. Ine ndinabisala m'nandolo kuseri, chiguduli m'manja, ndikumva zonse.

"Bambo, jombo iyi ndi yanu?"

"Yanga, bwana. Yandithera."

"Nyumba zinayi, jombo zinayi, zonse za kumanzere. Kodi m'mudzi muno mumayenda ndi mwendo umodzi?"

A Likhutcha anayankha kuti, "Kumanja timasamala, bwana."

Mwina tikanapulumuka, koma thobwa la zipanda zitatu silikhala chete m'mimba mwa munthu. A Sanitale anapempha njira, ndipo m'malo mopita kuchimbudzi chimene anatilamula okha kukumba, anathamangira m'munda wa nandolo. Anapatula nthambi, maso ndi maso ndi ine, nditanyonyomala, nthiti imodzi ya ambulera itandikola m'tsitsi.

"Iwe ukutani pano?"

"Ndikudikira zinyalala, bwana."

Anthu anasonkhana. Mitondo inaleka. Ine mumtima ndinali nditayamba kale kupinda mphasa yanga. A Sanitale anatsegula buku, kunyambita pensulo. Pamenepo apongozi anga anadutsa pakati pa anthu, n'kukaima pamaso pawo, mutu wawo ukulekeza pathumba la malaya a Sanitale.

"Mwana wanga, tseka kaye bukulo. Tiye."

Anawatengera kwathu n'kuwayendetsa pakhomo ponse. Anawaonetsa phale la nkhuku, khola, chidulo chikudontha, chingwe cha nyale chimene kale chinali nsalu ya ukwati wawo. Kenako anaima n'kunena motsitsa mawu, "Chaka cha njala ine ndinasinja mizu ya nthochi kudyetsa ana. Awiri ndinaika m'manda. Ukufuna ndiphunzire kutaya kuti ndikondweretse dzenje?"

A Sanitale anayang'ana pansi. Apongozi nawo anayang'ana pansi pomwepo, n'kuona nsapato ya a Sanitale ya kumanzere, yofiirira, itayasama kukamwa, yomangidwa ndi waya. Anayang'ananso njinga, tayala lakutsogolo lopakiramo udzu m'malo mwa mpweya.

"Amayi ako dzenje lawo ndi lodzaza?"

A Sanitale anaseka kamodzi, kaphwete kamanyazi. "Amabzalamo maungu, mayi. Koma m'bukumu anangondipatsa malo awiri, dzenje logwira ntchito ndi dzenje losagwira ntchito."

"Lathuli lagwira ntchito. Wathamanga nalo munthu mpaka thukuta."

Analemba. Zimene analembazo sindikuzidziwa, koma kubwalo sikunapite munthu. Atatseka buku anatsokomola, n'kuyang'ana cha kudzenje la a Likhutcha.

"Jombo ija... paja mwati ndi ya kumanzere?"

Inawakwana ngati anawayeza. Koma musaganize kuti anaitenga ulele. Apongozi anatambasula dzanja, a Sanitale n'kupereka nsapato yawo yoyasama ija, ndi waya wake yemwe. Chikopa chake chinakhala zomangira chitseko cha khola zaka zambiri. Munthu wa boma anachoka m'mudzi muno phazi lina lakuda lofika m'katumba, lina lofiirira, akupalasa monyada, n'kukaima pachitsamba choyamba kumaliza nkhani ya thobwa ija.

Dzuwa lisanalowe zinyalala zanga zonse zinali zitapeza ntchito. Zitini zinasanduka nyale za koloboyi ndi makapu, china anachiboolaboola ndi msomali chikhale chopalira chinangwa. Nthiti za ambulera anazinola kukhala singano zosokera mphasa. Botolo lothyoka lija linameta mitu ya mudzi wonse mpaka Khirisimasi. Nyuzipepala a Likhutcha anapichirira fodya, ankati nkhani za azungu zimakoma ukazisuta. Inu lero jumbo mumaigwiritsa kuchokera pa okala kufika pakhomo, basi yatha ntchito, ikagone mumtsinje zaka zoposa zanga. Mbuzi zikadya zimatupa mimba n'kufa. Ya apongozi anga ija ikanakhalapo bwenzi itayamba kulankhula.

Madzulo ake ndinakhala pakhonde, zala zomanga masamba, kudikira chiweruzo. Ndinamva mapazi akupita kumtengo wa mango.

"Mbuzi iwe, kamuuze munthu uja kuti ndi wopusa. Anapereka nandolo wabwinobwino, dengu lathunthu, osabwerako ndi dengu lomwe." Kenako anawonjezera kuti, "Koma umuuzenso kuti asapinde mphasa. Chinthu chopusa nachonso ukachisunga chimapeza ntchito."

Ntchito inapezeka mmawa womwewo. Anandidzutsa kudzera mwa mbuzi, kunditumiza kudimba kukakumba mphukira ya nthochi. Dzenje lalikulu chonchija, lokumbidwa kale, lingokhala? Tinathiramo manyowa a m'khola, n'kubzala. Nthochi zimene mwaba dzulo kuseri kwa nyumbaku, musakane, makoko ndawaona pansi pa bedi, ndi zidzukulu za nthochi imeneyo. Zakoma chifukwa zinamera m'dzenje la boma.

Tsopano katengeni makokowo. Mbuzi zikudikira.